Mlandu wa Laputopu ya Bungwe la Nandolo

Kanema wophunzitsa kasungidwe ka nandolo anali atangofika pakati pamene pakona ya khoma panatulukira mtsikana wovala moperewera.

Asiya sanamuone msanga. Anali atawerama kuseri kwa tebulo, akukanikiza chingwe cha pulojekita chomwe chinkangosololoka. Anangomva amayi kumbuyo kuja akuti "Iii!" onse pamodzi, kenako bambo wina anaseka kamodzi n'kudzigwira pakamwa. Atadzutsa mutu anaona kabokosi pakhomapo, pamwamba pa matumba a nandolo a mu kanemayo. M'kabokosimo munali mtsikana wa milomo yofiira, pansi pake palembedwa Chingerezi chomwe ambiri sanathe kuchiwerenga, koma onse anamva chomwe chinkatanthauza. Asanagwire n'komwe mausi, panatuluka kabokosi kena ka juga ya mpira. Kenako tsamba lina la pa intaneti linadzitsegula lokha n'kuyamba kuimba nyimbo yaphokoso.

"Asitaghafirullah!" anafuula che Hamadi, akutembenuzira nkhope kuwindo.

"Mayi mlembi, tabwezani pang'ono!" anatero a Wadson, wachiwiri kwa wapampando, munthu yemwe nthabwala sinkamudutsa osaitola. "Ife sitinaone bwino mtundu wa nandolo umenewu."

Ena anaseka, ena anayang'ana pansi. Asiya anadina kamtanda kotsekera. Kabokosi kamodzi kakatsekeka, kena kankatulukira. Pomaliza anangoiphimba laputopuyo, khoma n'kutsala loyera.

Linali Loweruka m'mawa, m'kalasi ina pasukulu ya pulaimale pa Nsanama, momwe bungwe la alimi a nandolo linkakumana. Asiya anali mlembi wa bungwelo chaka chachitatu. Anamusankha chifukwa anali ndi satifiketi ya Fomu 4, zolemba zake zinkawerengeka, ndipo sankaopa kulankhula ndi alendo ochokera kuboma. Pamene anthu ena othandiza alimi anapatsa bungwelo laputopu, panalibe mkangano, inapita kwa mlembi. Iye ankaisunga m'chikwama, chikwamacho m'sutikesi, sutikesiyo pansi pa bedi. Pulojekita anali ataibwereka kwa alangizi a zaulimi m'mawa womwewo, ndipo anabwera atavala chitenje chatsopano, podziwa kuti lero anthu aona zomwe makinawo amatha.

Che Hamadi anaimirira. Anali mkulu wa imvi, mlimi wolemekezeka, wosaphonya swala kumzikiti. Analinso amalume a Abdulwahab, mwamuna wa Asiya, yemwe anali ku Joni chaka chachinayi, akusoka zovala ku Durban.

"Ndili ndi funso limodzi," anatero. "Chinthuchi chimagona kwa ndani?"

"Kwa ine, amalume," anayankha Asiya.

"Basi. Lachiwiri ndilibe."

Anatola ndodo yawo n'kutuluka, ndipo akuluakulu ena atatu anawatsatira. Che Zubairu, wapampando, munthu wofatsa wosakonda kuthamangira zinthu, anakanda ndevu kwa nthawi yaitali.

"Tikumanenso Loweruka likubwerali," anatero pomaliza. "Tidzakambe za makinawa, komanso za udindo wa mlembi. Mayi, mudzabwere ndi yankho."

Nkhaniyo inafika pamsika Asiya asanafike kunyumba. Pofika Lolemba inali itanenepa. Ena ankati amatchova juga ndi makina a bungwe, ena ankati amacheza ndi amuna akutali pa intaneti, poti mwamuna wake sali pafupi. Pamjigo, amayi omwe masiku onse ankamusungira malo pamzere anangoti zii atamuona, aliyense n'kuyamba kutsuka ndowa yomwe inali yoyera kale.

Chomwe chinkamupweteka kwambiri n'chakuti timabokosi timeneti sanayambe kutiona tsikulo. Tinayamba milungu itatu m'mbuyomo, kamodzi lero, tiwiri mawa. Iye ankangotitseka mwachangu, poganiza kuti intaneti ndi mmene ilili. Tsamba lomwe linkabwera poyamba akatsegula linali litasinthanso lokha, ndipo bandulo ya mwezi inkatha pa sabata imodzi. Sanauze munthu. Ankaopa kuti anthu anganene kuti mlembi makinawo sawadziwa.

Lolemba lomwelo, dzuwa litapendeka, Abdulwahab anaimba foni.

"Amalume andiimbira," anatero atangomaliza kupereka salamu.

"Ndimadziwa kuti akuimbirani."

"Ndiye ndimve ziti, mayi a Shamim? Ine kuno ndikuweramira makina kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kumudzi dzina langa likuyenda pamsika."

"Dzina lomwe likuyenda ndi langa, bambo a Shamim. Ndipo sindinachite kanthu."

"Nanga zinalowamo bwanji?"

Asiya nayenso sankadziwa mmene zinalowera.

"Ndipatseni mpaka Loweruka," anatero.

"Ingobwezani chinthucho kwa eni ake. Ulembiwo muusiye."

"Ndikausiya lero, ndiye kuti ndavomera."

Foni inaduka. Sanadziwe ngati inali netiweki kapena dzanja la mwamuna wake.

Lachitatu m'mawa anasiya mwana wake Shamim kwa amayi ake, n'kukwera minibasi ya ku Liwonde, laputopu ataifungatira pamiyendo. Pa Liwonde anasintha n'kukwera ya ku Balaka. Ankapita kwa Sellah, mnzake wa ku sekondale, yemwe ankagona naye mabedi oyandikana kuhositelo. Sellah tsopano ankaphunzitsa makompyuta pasukulu ina ya sekondale ku Balaka. Anamupeza pa nthawi yopuma, atakhala pakhomo la chipinda cha makompyuta, akudya chinangwa chophika.

Asiya anafotokoza zonse, kuyambira pa chingwe chosololoka mpaka pa foni yoduka. Sellah anayesetsa kudzigwira, koma atamva za mtundu wa nandolo anaseka mpaka chinangwa chinamutsamwa.

"Ukuseka?" anatero Asiya. "Banja langa likugwedezeka, iwe ukuseka?"

"Pepa, mnzanga, sindikuseka iwe. Ndakumbukira mphunzitsi mnzathu wina, zinamuchitikira chaka chatha pamaso pa makolo. Anadwala masiku atatu. Tatsegula tione."

Atangolumikiza intaneti, mtsikana uja anatulukira pakona ngati anali kuwadikira.

"Ndi ameneyu?" anatero Sellah. "Ndimamudziwa. Ali m'makompyuta a theka la boma lino." Anapukuta manja pa chitenje n'kuloza. "Ichi umatsegulira masamba a pa intanetichi dzina lake ndi bulawuza. Masamba ena ukangowatsegula amafunsa kuti, kodi tizikutumizirani mauthenga? Pamakhala mabatani awiri, lovomera ndi lokana. Munthu wofulumira amangodina lovomera kuti funsolo limuchoke pamaso. Basitu, wawapatsa kiyi wa nyumba. Amalowa nthawi yomwe afuna, ngakhale tsamba lawolo usanalitsegule."

"Ndiye kuti si ine ndikuwaitana?"

"Wina anavomera, mwina mosadziwa. Bweretsa kuno, ndi za mphindi khumi zokha."

Sellah anatambasula dzanja, koma Asiya anakokera laputopuyo pachifuwa.

"Iyayi. Usaikhudze."

"Nanga ulendo wonsewu wabwerera chiyani?"

"Ndikabwerera nayo yoyera, akanena kuti ndinapita kutauni kukafufuta umboni. Iyi ikhale mmene ililimu. Undiphunzitse pa ina. Ndikufuna ndikaikonze ndekha, iwo akuona."

Sellah anamuyang'ana kwa kanthawi, kenako anapukusa mutu. "Liuma lako lija silinathe, eti? Lowa."

M'chipindamo munali makompyuta khumi ndi awiri, ndipo onse anali ndi matenda omwewo, chifukwa ana asukulu ankadina chilichonse chowala. Sellah anamukhazika pa yoyamba, iye n'kuima kumbuyo manja atapinda. Asiya anatulutsa kope lake la bungwe n'kutsegula tsamba lomaliza.

Anayambira pa timadontho titatu ta pakona yakumanja. Kuchoka apo, masetingi. M'masetingi, gawo la chitetezo, kenako zilolezo za masamba, kenako mauthenga. Pamenepo panatuluka mndandanda wa masamba onse omwe anapatsidwa chilolezo, mayina ake achilendo, ena osatheka n'kuwatchula. Sellah anamuuza awachotse limodzi limodzi, akamaliza asankhe kuti masamba asamafunsenso n'komwe. Pafupi pomwepo panali pena potsekereza masamba odzitsegula okha. Asiya ankadina, n'kulemba, n'kudinanso.

"Tsopano tione chomwe chinasintha tsamba lako loyamba," anatero Sellah. "Bulawuza imalola kuikamo tizida towonjezera. Ife timati maekisitenshoni."

"Ine ndilemba tizida. Linalo ndiluma nalo lilime pamaso pa anthu."

"Lemba zomwe ukufuna. Tina n'tabwino, tina n'takuba. Takubato timalowa munthu akadina zinthu zaulere. Kalikonse komwe sunakaike wekha ndipo sukukadziwa, chotsa. Ukatero ubwerere ku masetingi, ukabwezeretse tsamba loyamba ndi pofufuzira."

Chomalizira chinali kuika kachida kabwino, kotsekereza malonda. Apa Sellah analankhula ngati ali m'kalasi. Kachidako asakatenge paliponse, anatero, bulawuza ili ndi sitolo yakeyake. Ayang'ane kuti ndi anthu angati akukagwiritsa ntchito ndiponso akunenapo zotani. Ndipo kamodzi kokha n'kokwana, chifukwa ukaunjika tambiri makina amalemera.

Pa kompyuta yachiwiri Asiya anasochera. Analowa gawo lina n'kukulitsa zilembo zonse mpaka chilembo chimodzi chinadzaza theka la sikirini.

"Zikomo," anatero Sellah. "Tsopano ana a ku Phalula aziwerenga ali kwawo."

Asiya sanaseke. Anabwerera yekha pang'onopang'ono mpaka anapeza pomwe anaphonya. Yachitatu anaikonza akuyang'ana m'kope. Yachinayi kope analitseka. Belu litalira, Sellah anapita kukaphunzitsa, ndipo pobwera anapeza mnzake ali pa kompyuta yachisanu ndi chinayi, mpango utasendera kumbuyo, milomo ikuyenda yokha.

"Iwe, siya zina," anatero Sellah. "A hedi akakuona akulemba ntchito, ine andichotse."

Aka kanali koyamba Asiya kuseka chiyambire Loweruka.

Asananyamuke, Sellah analoza laputopu ya bungwe ija. "Kuona kokha si kukonza. Bulawuza imasunga mbiri ya masamba onse omwe anatsegulidwa, tsiku ndi ola. Sukufuna kudziwa?"

Anatsegula mbiriyo n'kubwerera m'mbuyo. Masiku ambiri munali zomwezomwezo, za nyengo, za mitengo ya mbewu, makalata a bungwe. Kenako anafika pa Lamulungu lina, milungu itatu Loweruka la tsoka lija lisanafike. Cha m'ma 3 koloko masana panali tsamba loonetsa mpira waulere, ndipo pansi pake panandandalika masamba ena achilendo oposa khumi, onse m'ola limodzi.

Asiya anawerenga tsikulo kawiri. Lamulungu limenelo iye anali kumaliro ku Ntaja. Dzulo lake a Wadson anali atabwereka laputopu kuti alembe kalata yopempha malo osungira nandolo.

"Ndi ndani?" anafunsa Sellah ataona nkhope yake.

"A mtundu wa nandolo aja."

Sellah anawomba m'manja. "Wamugwira! Loweruka umuyale pakhoma, dzina, tsiku ndi ola. Aseke bwino."

"Ndiona," anatero Asiya, akubweza laputopu m'chikwama.

Ganizo lomuyala pakhomalo linamukomera njira yonse mpaka pa mlatho wa Liwonde. Atawoloka Shire linayamba kuzirala. A Wadson sakanaseka chonchija akanadziwa kuti dzanja linali lawo. Koma kuwakhululukira kokha sikukanatsuka dzina lake. Anafika pa Nsanama asanamange mfundo.

Loweruka kalasi inadzaza kuposa masiku onse. Kunabwera ngakhale anthu omwe sanadzalepo nandolo chibadwire, ena anachita kuima m'mawindo. Asiya anali atafika m'mawa kwambiri. Alangizi anazengereza pomubwerekanso pulojekita, koma iye anaima pakhomo mpaka anamupatsa. Chingwe chija anachimanga ndi kansalu kumwendo wa tebulo.

Atatha mapemphero, che Zubairu anamuyang'ana. "Mayi mlembi, tikumvereni."

"Yankho langa sindinena ndi pakamwa pokha, a wapampando," anatero Asiya ataimirira. "Ndikupempha nonse muyang'ane pakhoma. Makinawa sanakonzedwe. Ali mmene munawaonera sabata yatha."

Anayatsa, n'kulumikiza intaneti, n'kupinda manja. Sipanapite nthawi, mtsikana uja anatulukira. M'kalasimo munamveka manong'onong'o. Che Hamadi, omwe anakhala kutsogolo, anagwira ndodo kuti aimirire.

"Amalume, takhalani pang'ono," anatero Asiya mofatsa. "Mukatuluka simumuona akuchoka."

Mkuluyo anamuyang'ana, n'kuyang'ana anthu, kenako anakhalanso pansi.

Asiya anafotokoza mmene Sellah anamufotokozera, koma m'mawu ake. Ankalankhula Chichewa, pena n'kutembenukira ku Chiyao kuti achikulire akumbuyo amve. Anawauza za funso lomwe masamba amafunsa, za batani lovomera ndi lokana. Kope linali patebulo, koma sanalitsegule. Kamuvi kake kankayenda pakhoma anthu onse akukatsatira ndi maso, kuchoka pa timadontho titatu, kulowa m'masetingi, kufika pa zilolezo. Mndandanda unatuluka, wautali mpaka pansi pa khoma.

"Awa ndi alendo omwe anatsegulidwa chitseko," anatero. "Akutuluka lero."

Anachotsa loyamba. Anachotsa lachiwiri. Pa lachitatu mayi wina kumbuyo anawerenga mokweza, ndipo pofika lachisanu kalasi yonse inkawerenga limodzi ngati ana a Sitandade 1. Anafika khumi ndi asanu ndi anayi, mndandanda n'kutha. Anatsekereza masamba odzitsegula okha. Analowa mu tizida towonjezera n'kupeza tiwiri tosadziwika, kena kali ndi chithunzi cha chikho cha mpira, ndipo anatichotsa tonse. Anabwezeretsa tsamba loyamba.

Vuto linabwera poika kachida kotsekereza malonda. Netiweki inafooka. Pakhoma panangotsala kagudumu kozungulira, kozungulira, osatha. Anthu anayamba kusuntha pamipando.

"Mtsikana uja akukana kusamuka," anatero a Wadson.

"Akumanga katundu, a Wadson," anayankha Asiya osatembenuka. "Mumudikire, mwina mumuperekeza."

Kalasi inaseka, ndipo ulendo uno inasekera mbali yake. Kagudumu kanazungulira kangapo, kenako kanasowa. Kachida kanalowa.

Asiya anatsegula kanema uja n'kumuyambitsa poyambirira. Kwa mphindi khumi ndi ziwiri anthu anaonera mmene amaumitsira nandolo ndi mmene amamangira matumba kuti anankafumbwe asalowe. Palibe tsiku lomwe alimi a pa Nsanama anamvetsera phunziro mwachidwi chotere, ngakhale maso ambiri anali pakona. Pakonapo sipanatuluke kanthu. Kanemayo atatha, mayi wina analiza nthungululu, ena n'kulandira.

Che Hamadi anadikira phokoso lithe.

"Ndaona kuti mwachotsa," anatero. "Koma mwanena nokha kuti wina anavomera. Anavomera ndani?"

Asiya anaika dzanja pa laputopu.

"Makinawa amasunga tsiku ndi ola la chilichonse, amalume. Ndinayang'ana, ndipo ndikudziwa. Dzina sinditchula, chifukwa amene anadinayo sankadziwa chomwe akuchita, komanso ndaona ndekha mmene zimawawira kuimikidwa pamaso pa anthu. Ndingonena kuti linali tsamba loonetsa mpira waulere, Lamulungu lomwe ine ndinali kumaliro ku Ntaja. Amene akufuna kuona ndi maso ake abwere ndi a wapampando, ndiwaonetsa." Anapuma pang'ono. "Cholakwa changa ndi chimodzi. Ndinaziona zikuyamba, ndinabisa chifukwa cha manyazi. Pa chimenecho mundidzudzule."

Asiya sanayang'ane mbali ya a Wadson, koma anaona ena akuyang'anako. Bamboyo ankawerenga masabata pa zala, ndipo kumwetulira kwawo kunkauma pang'onopang'ono. Kenako anaimirira, chipewa chili m'manja.

"A wapampando," anatero, mawu atachepa. "Kalata ija ndinailemba ndithu, munaiona nokha. Koma nditamaliza kunali mpira. Mnzanga wina anandiuza za tsamba laulere. Panatuluka kafunso, ine mpira unali utayamba kale, ndinangodina. Kanatulukanso, ndinadinanso. Sindikudziwa kangati." Anapinda chipewa chija. "Ndiponso tinagonja."

Kuseka komwe kunabuka kunamveka mpaka kumsewu. Ngakhale che Zubairu anabisa nkhope m'dzanja. A Wadson anaima chomwecho mpaka kunatha, kenako anatembenukira kwa Asiya.

"Mayi, sabata yatha ndinaseka kuposa aliyense. Ndimadziseka ndekha osadziwa. Dzina lanu ladetsedwa chifukwa cha chala changachi. Pepani."

"Zatha, a Wadson," anatero Asiya. "Koma mpira muzikaonera kumsika."

Che Zubairu anagogoda patebulo. Mlembi akhala yemweyo, anatero, ndipo laputopu ikhala komwe imakhala. Wofuna kuibwereka aziigwiritsa ntchito mlembi ali pomwepo. Anafunsa ngati pali wotsutsa, ndipo panalibe. Atatseka msonkhano sanachoke. Anapisa m'thumba mwa malaya, akuyang'ana kumbali.

"Kodi mayi, zimenezi pafoni zimathekanso?"

"Timadontho take ndi tomweto, a wapampando."

Apo ndiye mafoni anatuluka ngati anachita kupangana. Panapangika mzere kuchokera patebulo mpaka pakhomo. Wina yake inkangoonetsa za juga, wina inkamuuza tsiku ndi tsiku kuti wapambana galimoto, wina inkamuopseza kuti foni yadwala. Aliyense ankaganiza kuti ndi yake yokha. Amayi a pamjigo aja anali pamzere womwewo, ndipo mmodzi anamutcha mayi injiniya. Asiya dzinalo silinamuipire. Anakonza mafoni mpaka dzuwa linafika pamutu, aliyense akumuonetsa podina kuti mawa asadzabwerenso.

Atatsala yekha, akukulunga zingwe, anamva ndodo ikugogoda pakhonde. Che Hamadi analowa, n'kuyang'ana ngati m'mawindo mwatsala munthu. Anapisa m'thumba la mkanjo n'kutulutsa kanthu kokutidwa ndi mpango wa m'manja. Inali foni, yozimitsa.

"Anandigulira ndi Abdulwahab," anatero, osamuyang'ana kumaso. "Miyezi iwiri tsopano ndimangoiyatsa ndikafuna kuimba, ndikatha n'kuizimitsa msanga. Kumzikiti sindiitenga. Adzukulu akaipempha ndimakana." Anaika foniyo patebulo. "Ndinkaganiza kuti ndi mayesero anga ndekha. Nditaziona pakhoma paja, pamaso pa anthu, ndinapsa mtima kuposa mmene ndinayenera."

Asiya anali ndi mawu ambiri omwe anawasunga sabata yonse. Anawayang'ana mkuluyo, mapewa atagwa, zala zikuseweretsa mpango, ndipo mawuwo anawameza.

"Yatsani, amalume," anatero.

Munali masamba asanu ndi awiri. Anawachotsa onse, n'kutseka kuti asadzafunsenso, kenako anabweza foniyo ndi manja awiri. Che Hamadi anaigwira kwa kanthawi, akuiyang'anitsitsa ngati akudikira kuti iwachite chipongwe. Sinachite kanthu.

"Sikomo kwejinji, mama," anathokoza m'Chiyao. Kenako ndi chala chawo chokhuthala anayamba kufufuza mayina. "Ndine ndinamuimbira. Ndine ndimuimbirenso. Dikirani mumve."

"Iyayi, amalume. Pulojekita ya eni ake ikudikira. Lankhulani nokha."

Anakoleka chikwama paphewa, n'kunyamula pulojekita, n'kutuluka. Ali pakhonde anamva foni ikulira ku Durban, kenako mawu a mkuluyo, okweza ngati a munthu wosakhulupirira kuti foni imafika kutali.

"Abdul? Siya kaye makinawo, ukhale pansi. Ndikuuze za mkazi wako."

Asiya sanaime. Anawongola mpango wake n'kulowera njira ya pakati pa msika.